Mwamuna wosenza madzi

Lolemba

Abusa andipatsa ntchito. Lachinayi likubwerali mpingo wathu wa kuno kwa Mbenje udye mgonero wa Pasaka monga anadyera Ambuye ndi ophunzira awo, ndipo wokonza zonse ndine. Ine ndithu! Akuti ndichite ngati ophunzira awiri aja anatumidwa kutsogola: anakumana ndi mwamuna wosenza mtsuko wa madzi, n'kumutsatira, n'kupempha chipinda, n'kukonza chakudya.

Zofunika:
nkhosa imodzi
mkate wosatupitsa
ndiwo zowawa
chipinda chapamwamba
mwamuna wosenza mtsuko, anthu adzaone ndi maso
achimwene

Chomalizachi ndi changachanga. Achimwene ndi ine sitinadyere mbale imodzi zaka zitatu tsopano, kuyambira pomwe madzi osefukira anakokolola nthochi za m'malire a madimba athu, ife n'kuyamba kulozana zala polimbirana mizere ya chimanga. Alamu atamwalira chaka chatha ndinapita kumaliro, koma chakudya sindinalawe. Chimandiwawa mpaka lero. Ndikufuna Lachinayi adzakhale pambali panga. Mawa ndipita kukawaitana.

Lachiwiri

Sindinapite. Ndatanganidwa.

Nkhosa m'mudzi muno ali nayo munthu mmodzi yekha: achimwene. Ndiye tipha mbuzi. A Fombe, mkulu wa mpingo, apereka kambuzi kawo, nthiti zonse pamtunda.

Chipinda chapamwamba ndafunafuna mudzi wonse, dzuwa likuswa mutu. Chokwera chomwe ndapeza ndi khola la mbuzi la a Fombe. China ndi nyumba ya achimwene, ija anamanga pachitunda madzi ataphwa, ya masitepe asanu. Basi, tidzadyera m'tchalitchi momwemo.

Mayi akunyumba akuti, "Bambo, ndi apa pomwepa, simungakapemphe?" Ndawauza kuti ndikudziwa chimene ndikuchita.

Lachitatu

Mkate! Mayi akunyumba athiramo soda, mkono unazolowera chigumu. Watupa bwino, fungo mpaka kumsewu. Ndaukana. Ndaphika wanga wosatupitsa, watuluka ngati njerwa yowotcha. Galu wanunkhiza n'kuchokapo.

Ndiwo zowawa: amayi a mpingo akuti tiphike luni. Ndalawa, sizikuwawa mokwanira. Ukapolo wa ku Iguputo sunali wamasewera. Ndathyola masamba a nimu odzaza lichero.

Wosenza mtsuko sakupezeka. A Fombe akukanitsitsa, akuti, "Nkhabe! Ine mtsuko pamutu, akazi anga akuona?" Ena onse akuti atha kubweretsa madzi m'zigubu panjinga. Kodi ophunzira aja anathamangira njinga?

Tili mkati mokangana, achimwene akudutsa kuchokera ku mjigo, ndowa pamutu. Amatunga okha chimwalirire alamu. Akuyenda pang'onopang'ono, ayang'ana kuno. Ine maso papepala langa.

Mawa m'mamawa ndipita. Ndithu.

Lachinayi

Mbuzi yadula chingwe! Yadya theka la nimu, mkate wanga yausiya. Taigwira masana m'mapira a eni ake, ndipo mwini munda wandiuza mawu amene sindingalembe m'sabata yoyera.

Tapha mochedwa. Moto waukulu, changu chambiri. Nyama kunja makala, mkati magazi.

Cha m'ma folo koloko, utsi uli m'maso, ndikuona achimwene aima pansi pa mtengo wa bwemba pafupi ndi tchalitchi. Ndowa pamutu, koma avala malaya oyera aja amavala pa ukwati. Ndani amapita ku mjigo atavala malaya oyera? Aima ndithu, osasuntha. Ine mwendo wa mbuzi uli m'manja, ndikuti ndiutembenuze kaye kenako ndiwaitane. Ndautembenuza. Ndikacheuka, apita.

Mgonero wachitika. Oyimbitsa kwaya alawa nimu, athamangira panja. Mkate abusa alephera kuunyema ndi manja, a Fombe abwera ndi chikwanje. Pampando wa pambali panga wina waikapo chipewa.

Abusa akulalikira kuti ophunzira aja sanavutike kumanga chipinda. Anachipeza choyalidwa kale, mwini nyumba akudikira. Yawo inali kutsatira munthu uja n'kutsegula pakamwa. Anthu akuti ameni. Ine maso pa chipewa chija.

Lachisanu

Theka la mpingo m'mimba mukubangula. Ulendo wa mtanda unayenera kukafika kumsika, wathera pa chimbudzi cha kusukulu. Palibe akundipatsa moni wabwino.

Potuluka abusa andikokera pambali. "Nanga bwanji sitinakadyere kwa akulu anu? Ine ndinawauza Lamulungu lija kuti mubwera kudzapempha nyumba. Anathokoza, anati takhuta, akubwera abwere."

Ndayankha kuti kunali kotanganidwa.

Mayi akunyumba angondiikira madzi osamba, basi. Bola akanandikalipira.

Loweruka

Ndapita. Ulendo wake wosakwana ndi kusuta fodya mmodzi, ndayenda masiku asanu.

Masitepe asanu aja ndakwera koyamba. Pachitseko loko. Ndasuzumira pawindo: pansi posesa, mphasa zoyala kuyambira kukhomo mpaka kukhoma, mabenchi obwereka atandandalika. Mbale ziwiri aziika pazokha, zoyandikana. Kuseri nkhosa yonenepa ili pachingwe, ikundiyang'ana.

Mayi oyandikana nawo nyumba akuti, "Anayamba kusesa Lolemba. Nkhosayo anaipatula kuti ndi ya mgonero. Lero m'mawa awoloka Shire pabwato, apita kwa mwana wawo ku Mozambiki kukathandiza kukolola. Kubwera mwina mvula ikayamba."

Ndafunsa ngati asiya mawu.

"Ati mng'ono wawo akabwera, aziimwetsa madzi nkhosayi."

Ndakhala pa sitepe yachitatu nthawi yaitali. Zaka zitatu chifukwa cha mizere iwiri ya chimanga. Ndine chitsiru, ndipo ndalemba ndi dzanja langa kuti ndisadzakane.

Lamulungu

Ambuye auka. Kwaya ikuimba, ngakhale mawu ndi ofooka. Abusa alengeza kuti chaka chamawa mgonero adzakonza amayi a mpingo. Mpingo wonse waomba m'manja, mayi akunyumba ndiwo aomba kwambiri.

Mkate wanga wotsala tatsekera chitseko cha khitchini. Ukugwira bwino ntchito.

Njinga yanga yaphulika tayala, ndipo nkhosa ya achimwene siidziwa kuti lero ndi Pasaka, ikufuna madzi. Ndabwereka ndowa, ndatunga ku mjigo, ndasenza pamutu. Madzi akutayikira m'khosi, anthu ochokera kutchalitchi akuima kundiyang'ana. A Fombe akuseka mpaka kugwira mtengo. Akuti mwamuna wosenza madzi uja wapezeka, koma wachedwa masiku atatu.

Ndadutsa pansi pa bwemba paja anaima achimwene. Ndayenda pang'onopang'ono ngati iwo. Ndacheuka kawiri, palibe wonditsatira.