Denga langa lopanda mzati

Chithunzi chimene chinandipalamulitsa zonsezi ndinayamba ndachigwira chozondotsa. Chinali m'magazini yachizungu imene ndinaipeza kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni. Ine, munthu wowerenga chilichonse ngakhale pepala lokulungira zitumbuwa, ndinkauza aliyense kuti azungu nawonso ayamba kuluka madengu. Mkazi wanga, amake Tisa, ndiye anachitembenuza ali chigonere pabedi.

"Onani bwino, batate bake Tisa. Utu tuli pansi apa si banthu? Dengu yanu ni nyumba."

Inalidi nyumba. Denga lake linali la timitengo topyapyala topingasana ngati ukonde, lokhota ngati msana wa kamba, lopanda mzati ndi umodzi womwe pakati.

Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa. Yathu itagulidwa, ife olembera katundu anatiuza kuti tikapume. Chaka chomwecho amake Tisa anayamba chifuwa chosamva mankhwala. Nyumba yathu ku komboni ya Kanyama ndi yamalata ofupika, ndipo nyengo yotentha munthu wodwala amapsa m'menemo ngati mbatata. Ine ntchito yanga inali kukhala m'mphepete mwa bedi, kumufunsa kawirikawiri ngati akumva bwino.

Tsiku lina anati, "Munipangileko kamthunzi panja, nizionako banthu. Koma nifuna monga iyi ya pa chithunzi."

Ndinasangalala ngati andilembanso ntchito. Ndinakhala pansi ndi dikishonale yanga yothothoka chikuto mpaka nkhaniyo ndinaimva: timitengo umatiyala pansi mopingasa, n'kumanga paliponse pamene takumana, kenako umakweza pakati, m'mbali n'kuzika pansi. Mphamvu ya denga lotere si kunenepa kwa mtengo ayi, koma kukhota kwake.

Ndinagula timapulanga totsala kwa ocheka matabwa, n'kukhoma misomali pamphambano iliyonse, iwiriiwiri (kuti azungu adziwe kuti kuno sitichita zachibwana). Ndinaitana mnansi wanga ba Saidi, telala amene makolo ake anachokera ku Malawi, kuti tikweze. Titangonyamula pakati, zinayamba kulira thyo! thyo! ngati munthu akuthyola chimanga.

"Aneba," anatero ba Saidi akudzichotsa kachitsotso pachala, "ngati mumafuna nkhuni, bwenzi mutangonena."

Ndinabwerera ku dikishonale. Kani mphambanozo zimayenera kukhala zomasuka kuti ukonde uzitha kupindika, kumangitsa kumabwera pambuyo. Ulendo wachiwiri ndinatenga nsungwi zong'amba, kuziviika mu dilamu ya madzi, kuzimanga ndi malegeni odula ku machubu akale a minibasi. Denga linakwera! Koma ukalikhudza linkadzandira ngati wochokera ku kachasu, mpaka nditapingasa nsungwi zina chammbali, kuchoka ngodya ina kufika ina. Pamenepo linaima nji. Ba Saidi analumikiza masaka a ufa pamakina awo, tinafolera.

Ine ndi mwana wathu Tisa tinamunyamula amake pampando, kumukhazika pansi pake. Kuwala kunkalowa koyera bwino kudzera m'masakamo. Amayi opita kumpopi ankaima kumulonjera, iye n'kumawafunsa za ana awo mmodzimmodzi. Tsiku limenelo anadya mango wathunthu, mpaka kuyamwa koko lake.

Ndikanalekera pomwepo. Koma munthu wowerenga sasiya nkhani pakati. Kumapeto kwake analemba kuti akatswiri enieni amachotsa kamtengo kalikonse kosasenza katundu, kuti denga labwino ndi limene lapepuka mpaka pamapeto. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkazungulira, manja kumbuyo ngati bwana, kugwedeza nsungwi imodziimodzi. Imene ndaipeza yolobodoka ndinkaisolola. Denga osagwa. Mawa ina. Zambiri zimene zinkaoneka kuti zikungodya malo zinali zachammbali zija.

Amake Tisa ankangondiyang'ana ali pampando wake. "Nazo izo mwazichotsa nchito? Penshoni muzazipasa?"

"Izi ni sayansi, amake Tisa."

"Na baja banakuchotsani banakamba so chabe."

(Ndinaseka, koma sindinamve. Panthawiyo kunalibe mphepo, ndipo nsungwi yodikira mphepo imaoneka ngati yaulesi.)

Mvula yoyamba inabwera masana, ndi chimphepo chafumbi patsogolo. Tisa anathamangitsira amake m'nyumba. Ine ndinatsala kuti ndione denga langa likupambana mayeso. Mphepo italikankha, mabokosi onse a ukonde uja anapendekera mbali imodzi. Pamwamba panafwafwala, madzi n'kuyamba kudikha m'masaka, chithumba chikutsika pang'onopang'ono. Ndinalowa pansi, n'kuchitchinga ndi mutu ndi manja onse awiri. Denga lopanda mzati linapeza mzati wake tsopano, wovala malaya a kuofesi.

Anansi anadzaza m'makonde kuonerera. Wina anafuula kuti, "Gwililani ba injiniya, mvula izasila mu Epulo!" Kenako msoko wa masaka unaphulika, madzi onse aja khuthu pa ine, nsungwi n'kundivundikira ngati nkhuku yoyembekeza kuphedwa. Ndili m'katimo ndinamva amake Tisa akuseka pakhomo, kuseka kwenikweni kwa kale, mpaka chifuwa chinamugwira, Tisa n'kumulowetsa.

Madzulo ndinamulonjeza kuti mvula ikatha ndimanga lina, nsungwi zonse ndizibwezera pantchito. Anangondisisita dzanja. Chaka chimenecho Kanyama inasefukira monga mwa masiku onse, bwalo lathu linasanduka dziwe, ndipo iye sanatulukenso panja. Tinamuika mvula isanathe.

Abale atabalalika, ndinapita kukakhala pakhonde la ba Saidi, iwo akusoka yunifolomu ya mwana wa sukulu. Mulu wa nsungwi unali ukuonekera kuseri kwa mpanda, utayamba nkhungu. Ndinawauza zimene zinkandidya mumtima: kuti ndikanangozika mitengo inayi n'kuikapo malata ngati munthu aliyense, mkazi wanga akanakhala panja masiku ake otsiriza, osati kuyang'ana khoma.

Ba Saidi anaimitsa makina, n'kudula ulusi ndi mano.

"Aneba, malata ine ndinali nawo kuseri uku, ndinkafuna kukupatsani musanayambe n'komwe. Alamu anga, amake Tisa, ndiwo anandiletsa. Anati, 'Ya malata bazasiliza lelo lomwe, babwelele pa bedi kuniyangana monga nafa kale. Balekeni bavutike na nsungwi zao, nizibamvelako bali panja.'"