Chidebe cha Masiliva ndi Chinkhoswe cha Tiyamike

Lolemba

Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe cha mng'ono wanga Tiyamike ku Bangwe. Pa gulu la banja la pafoni aliyense walonjeza chake. Malume mbuzi. Azakhali mpunga. Ine wa ku Ireland ndalemba kuti tenti, mipando ndi zokuzira mawu mundisiyire. Anthu andiombera m'manja mpaka foni kutentha.

Vuto n'lakuti rent yachoka dzulo, ku akaunti kwangotsala dzina langa.

Koma kuseri kwa chitseko kuli chidebe cha penti. Zaka six ine ndi bambo a Tadala tikuponyamo chenji. Ndachiika pa sikelo ya kubafa: 13 kg.

Ba Mutale, mnzanga wa ku Zambia amene timasamalira limodzi okalamba kuno ku Crumlin, akuti pa intaneti pali kampani yosintha masiliva. Umawatumizira pa positi, iwo n'kukuikira ndalama ku banki pasanathe masiku awiri. "Ni easy chabe, mwana."

M'mutu mwanga muli 400 euro. Zikatsala ndigula:
nsapato za mvula
ketulo yosadontha
wigi

Lachiwiri

Kulembetsa. Akufuna pasipoti, kalata yosonyeza kumene ndimakhala, ndi chithunzi changa nditagwira pasipotiyo pafupi ndi tsaya. Chithunzi chakanidwa kanayi, ati nkhope sikuoneka bwino, ndijambulire padzuwa. Dzuwa lake liti? Ndayatsa magetsi onse, tochi ya foni ya bambo a Tadala kumaso, kachisanu chadutsa. Ndikuoneka ngati andigwira ndikuba.

Kenako funso: ndalamazi munazipeza bwanji? Zosankha ndi malipiro, cholowa, kugulitsa nyumba, bizinesi. Palibe pakuti m'thumba la jekete. Palibe pakuti pansi pa sofa. Ndafunsa kamunthu koyankha mafunso pa tsamba lawo, kangoti kakumvetsa mmene ndikumvera. Ndasankha bizinesi.

Bambo a Tadala sakusangalala. "Mayi a Tadala, bwanji osachisiya kaye chidebecho chidzaze?" Anena kawiri, maso ali pa TV.

Lachitatu

Ndawerenga timalemba tating'ono ta kumunsi. Positi ndilipira ndekha. Phukusi lisapyole 5 kg. Iwo adulapo gawo lawo. Amalandira ma euro okha, china chilichonse chikapezeka ndi chindapusa.

Ndiye kusankha. Ndayala nsalu pabalaza, ndakhuthula chidebe. Zomwe zatuluka:
tindalama tofiira ta 1 cent, 2 cent ndi 5 cent, phiri
makwacha achitsulo a kumudzi
mapeni a ku UK
mabatani
kiyi wosadziwika khomo lake
dzino la Tadala
ma 1 euro anayi
ma 2 euro atatu

Atatu. Ine Lachisanu lililonse ndimaponyamo 2 euro, kuyambira Tadala akukwawa.

Bambo a Tadala abwera kuchokera ku airport kumene amakolopa, aima pakhomo jekete ili m'manja. Ayang'ana phiri, ayang'ana ine. "Basi sakwera ndi mapemphero, mayi a Tadala. Komanso ndimabwezeramo." Eya, amabwezeramo. Akatenga 2 euro amathiramo tofiira todzaza dzanja kuti chidebe chisapepuke. Zaka six munthu akundisungira kulemera.

Tawerenga limodzi. 96 euro 37 cent. Zala zikununkha chitsulo. Wigi ndafufuta.

Lachinayi

Maphukusi atatu, selotepi mpukutu wathunthu. Kunyamula sindingathe, ndatulutsa pram yakale ya Tadala. Mvula ikuwaza. Mayi wina pamsewu wasuzumira kuti aone mwana, wapeza makatoni, wangoti lovely n'kupitirira.

Pafupi ndi positi ofesi tayala lagunda mwala, katoni imodzi yagwa n'kuphulika pansi. Tindalama mbwee, tina tikugubuduzika kulowera mu ngalande. Ndagwada m'madzi kutola. Anthu akuno ndi achifundo, atatu agwada nane. Bambo wina wachikulire wandiona ndili chogwada, pram pambali, wapisa m'thumba n'kundiponyera 20 cent. Ndati ndifotokoze, Chingerezi chathawa. Ndangoti thank you.

Positi: 39 euro. Ndalipira ndi khadi, masiliva ali phee m'makatoni kundiyang'anira.

Tiyamike watumiza uthenga wamawu. "Asisi, akuchimuna akubwera anthu ambiri, apongozi anga amva kuti tenti ikuchokera ku Ireland." Ndamuyankha kuti zonse zili m'njira. Sindinaname. Zili m'njira.

Lachisanu

Imelo yam'mawa: tikukunyadirani, phukusi lanu lafika. Limodzi. Masiku awiri aja amayamba kuwerengedwa onse atatu akafika, ndipo Loweruka ndi Lamulungu kwa iwo si masiku.

Wa tenti akuti ikakwana 5 koloko ya kumudzi ndalama isanalowe, tenti ipita ku ukwati wina ku Chilomoni.

Pa break ndawafunsa Ba Mutale kuti iwo zinawatengera masiku angati. "Ah, ine sininayeseko, ninaona chabe advert." Akumwa tiyi wawo bwinobwino.

Ndalowa m'toilet ya ogwira ntchito, ndakhala pa chivundikiro. Ndikuona mng'ono wanga ataima padzuwa, akuchimuna atakhala pa njerwa, azakhali akufotokozera aliyense kuti wa ku Ireland uja ndi pakamwa pokha. Ndayamba kulemba uthenga wopepesa, ndafufuta, ndayambanso.

Foni yalira. Bambo a Tadala atumiza chithunzi cha risiti: 250 euro yapita kwa Tiyamike. Ndi ndalama imene akhala akusunga ya sukulu yoyendetsa galimoto, kuti asiye kudzuka 4 koloko kuthamangira basi. Pansi pake alemba kuti, "Ma 2 euro anu aja, abwera ndi ana awo."

Ndikanali wokwiya. Koma ndawaphikira nyemba momwe amazikondera.

Yakwana tenti ndi mipando. Zokuzira mawu ayi. Ndapempha shift ya Lamulungu kuti magetsi asatithere.

Loweruka

Chinkhoswe tikuonera pafoni, atatu pa sofa. Tenti yoyera, mipando yokwanira, Tiyamike wawala ngati si amene ndinkamupukuta mamina. Nyimbo zikuchokera mu minibasi ya mnzake wa malume, aiimika pafupi ndi tenti zitseko zonse zotsegula. Nthawi ndi nthawi dalaivala akuliza injini kuti batire isathe, ankhoswe n'kudikira utsi upite.

MC wakuwa kuti tenti iyi yachokera kwa achemwali a ku Ireland, kumene ndalama amachita kusungira m'zidebe. Nthungululu. Ndinamuuza Tiyamike yekha za chidebe, tsopano Bangwe yonse ikudziwa. Pa perekaniperekani MC yemweyo wachenjeza kuti masiliva ayi, tisavulaze mkwatibwi.

Pakati pa mwambo imelo ya kampani ija yalowa: maphukusi onse atatu afika. Awerenga 88 euro 10 cent, zina zija zili mu ngalande. Adulapo gawo lawo. Adulapo ya kuwerenga. Adulanso 5 euro chifukwa apezamo chinthu chachilendo, atumiza ndi chithunzi chake: 10 kwacha imodzi. Yotsala 61 euro, ilowa Lachitatu. Ndikachotsa positi ndi selotepi, zaka six zandipatsa 19 euro.

Akupempha ndiwapatse nyenyezi zisanu.

Lamulungu

Ntchito kuyambira 8. Msana ukuwawa, mawondo ali ndi mikwingwirima. Pa gulu la banja mauthenga osatha. Msuweni wina amene sitinalankhulane chichokereni ine kumudzi akufunsa ngati m'chidebemo mwatsalako ya fizi. Foni ndaibwezera m'thumba.

Gogo wa mu room 9 ndamusambitsa, ndamupesa tsitsi, ndamuveka juzi yake yobiriwira. Lero akundidziwa, wanditchula dzina osaphonya. Akuti ndikuoneka wotopa, nditsegule drowa, nditenge kachikwama kali kumbuyo. Wakhuthulira m'manja mwanga. "Ukagule kanthu kabwino, love, usauze munthu."

Mapeni akale a dziko lino, aakulu, ena ali ndi nkhuku ndi anapiye ake. Anasiya kugwira ntchito ine ndisanabwere n'komwe.

Ndalandira ndi manja awiri, ndapinda bondo ngati kwathu. Malamulo akuti mphatso iliyonse tikapereke kwa nesi wamkulu ndi kudzaza fomu. Ndikupita kukadzaza fomuyo, korido yonse thumba la yunifomu likulira ngwee ngwee.