Asilikali Ali M'furiji, Lydia Akutha Magazi

Kwa Bwana Wamkulu,
Bungwe la Tifufuze Magazi,
Kumene muliko.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, m'manja ndaomba. Ine ndine Gertrude Namaona wa kuno ku Milepa, mlimi wa mpiru kudimba, munthu wosayenera n'komwe kudetsa tebulo lanu ndi kalata. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine m'mimba mwanga mwadzaza kuthokoza.

Mwana wanga Lydia simukumudziwa, koma magazi ake muli nawo. Atabereka mwana wake woyamba, mwendo unatupa ngati mtondo. Kuchipatala chachikulu anati magazi aundana m'mitsempha, nam'patsa mapiritsi owasungunula. Anachenjeza kuti magaziwo aziyezedwa pafupipafupi, chifukwa akasungunuka mopyola, munthu amatha ngati madzi a m'ndowa yobooka. Apa m'pamene Mulungu anatitumizira anyamata anu.

Choyamba, zikomo potiphunzitsa. Anatikhazika pansi pa mtengo wa mango natiuza kuti m'chiwindi muli kanthu kena kamene kamadzutsa vitamini K wa m'masamba kuti magazi aziundana, ndipo mapiritsi a Lydia amakagonetsa kanthuko. Anationetsanso timabotolo tochepa kuposa chala, akuti muli asilikali otengedwa m'magazi a mbuzi za kunja, odziwa kukasaka kanthuko. Tinachita manyazi, chifukwa mbuzi zathu kuno zimangodziwa kudya nandolo wa eni. Lydia anatambasula mkono, anyamatawo anatunga, nam'patsa chakumwa choziziritsa kukhosi.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha furiji yosungiramo asilikali aja. Kachipatala kathu sikanaonepo ulemerero wotere: furiji yakeyake, sola yakeyake, loko wakewake. Ine mu umbuli wanga ndinapita kukapempha kuti asilikaliwo amuyezeko Lydia. A Chancellor, dokotala wathu, anandimasulira chizungu cha pabotolo, chakuti izi n'za kafukufuku basi, si zoyezera kapena kuchizira munthu. Kamakina koyezera magazi a Lydia kali pashelefu pomwepo, koma timapepala take todonthezerapo magazi tinatha kalekale. Ndinatuluka mtima uli m'malo, podziwa kuti ngakhale mwana wanga akudwala, asilikali sakumva kutentha.

Chachitatu ndi cha masamba, ndipo pamenepa mundilole nditalikitse pang'ono. Potsanzika, anyamata anu anasiya mawu akuti womwa mapiritsiwa asayandikire ndiwo zamasamba. Bwana, mwina kwanuko masamba ndi okongoletsera mbale. Kuno nthawi ya dzinja ndiwo ndi nkhwani, chisoso ndi bonongwe, ndipo mukachotsa zimenezo chotsala ndi mchere. Lydia ndi mwana womvera, anasiyadi. Ine wolima mpiru ndinayamba kubisira mpiru mwana wanga woyamwitsa, n'kumadyera kuseri kwa nyumba ngati mbava. Lero a Chancellor agwira pamutu. Akuti sanayenere kusiya, anayenera kumadya mofanana tsiku ndi tsiku, ndipo kusiyako n'kumene kwasungunula magazi mopitirira. Sindikuti munalakwa, ndine yani ine? Mwina mawuwo anasasa m'njira, poti iwo sanali m'furiji.

Zotsatira za kafukufuku munati zidzatuluka m'mabuku a kunja. Zathu zatuluka kale, m'mphuno ndi m'nkhama. Pamene khanda lam'gwira pamkono pamada bii. Dzulo kaminga kanam'kanda akutola nkhuni, chitenje chinanyowa tisanaletse magaziwo. Ndikuopa, Bwana. Mawu awa okha ndawalemba osagwada: ndikuopa kulera mdzukulu wopanda mayi.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Ndamva kuti Lachisanu galimoto yanu ikubwera kudzatenga katundu kupita naye ku Blantyre, kumene makina oyezera akugwira ntchito. Anyamata a kabaza akana kum'nyamula Lydia, akuti msewu waterera, akam'gwetsa n'kuvulala mlandu ukhala wawo. Adalaivala anu nawo, munthu waulemu kwambiri, akuti galimotoyo sinyamula anthu, ndi ya katundu wa kafukufuku yekha.

Ndiye chonde, Bwana, muwauze kuti Lydia naye ndi katundu. Sadzalankhula m'njira, sadzapempha mpando, adzakhala kumbuyo pamodzi ndi mabokosi. Magazi amene ali nawo ndi omwe aja munawakonda, vuto lake n'lakuti akadali m'thupi mwa mwini wake. Koma ngati malamulo anu salola, musavutike mtima, ingotumizani botolo lalikulupo. Mmene zikuyenderamu, simudzafunanso jakisoni, mudzangolitchera pamphuno pake.

Ine kapolo wanu wosatopa kuthokoza,

Gertrude Namaona
Kudimba, Milepa, Chiradzulu