Botolo Lopanda Shuga

Mpaka lero ndikamadutsa pa sukulu ya pa boma ija ndimathamangitsa miyendo, maso pansi, ngati ndikufunafuna singano. Ana ena amandidziwabe. Sabata yatha kamtsikana kena kanakoka diresi la mayi ake n'kunena mokweza kuti, "Ndi amayi a botolo aja!" Ndinangomwetulira, nanga ndikanakana bwanji.

Ine ndimakazinga mandasi. Ndimagulitsa pa malire a Mwanza, kwa madalaivala a mathiraki amene amagona pamzere kudikira mapepala olowera ku Zobue. Choncho yisiti ndi shuga ndimagwira m'mawa uliwonse, ndipo ndikakanda fulawa sindiyeza ndi supuni, dzanja limadziwa lokha. Ndikunena zimenezi kuti mumvetse kumene kunachokera matama anga.

Mwana wanga Tadala ali mu Sitandade 7. Aphunzitsi ake a sayansi, a Malunga, anamusankha kuti akaimire sukulu yawo pa mpikisano wa masukulu a kuno, ndipo wopambana amayenera kupita ku Blantyre. Mwanayu Blantyre amangoimva m'kamwa mwa madalaivala. Anaifuna ndi mtima wonse.

Ntchito yake inali ya mabotolo atatu. M'botolo lililonse munkalowa yisiti ndi madzi ofunda. Loyamba lopanda shuga, lachiwiri shuga pang'ono, lachitatu wochulukirapo. Kukamwa kwa botolo lililonse ankaveka baluni. Tsiku limene anayeserera pakhonde, baluni yachitatu inatupa, yachiwiri inadzuka pang'ono, koma yoyamba inangoti lende, osasuntha.

"Ili ladwala," ndinatero. "Ulithire kashuga lidzuke."

"Ayi amayi, limenelo ndiye lofunika kuposa onse. Musaligwire."

Ndinavomera ndi mutu, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Mumtima ndinkati mwana wa dzulodzulo angandiuze chiyani ine za yisiti. (Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Mwambi umenewu ndinkaudziwanso kale.)

Tsiku la mpikisano Tadala analawirira pamodzi ndi aphunzitsi ake kukakonza tebulo. Yisiti ndi shuga anayezeratu m'mabotolo, ndipo lililonse analimata kapepala kofotokoza zimene zili m'kati.

"Inu ntchito yanu ndi madzi ofunda basi, amayi. Mukamaliza mandasi muthire mpaka pa kamzerepa, muveke mabaluni, mubweretse. Basi."

"Ndamva, pita usachedwe."

Nditatsala ndekha ndinayang'ana botolo loyamba lija, ndi kapepala kake kolembedwa zilembo zikuluzikulu kuti LOPANDA SHUGA. Mtima unandiwawa, ndisakunamizeni. Ine ndinakulira kwa Kanduku, m'nyumba imene shuga ankaoneka kukabwera mlendo kapena wina akadwala. Tiyi wopanda shuga tinkamwera m'nyumba chitseko chili chotseka, kuti anansi asaone kuti palibe amene akutakasa. Ndiye lero mwana wanga akaime pamaso pa akazi a mabwana a pa boma ndi chikwangwani cholengeza kuti kwathu shuga anatha? Ndinatapa supuni imodzi n'kuthiramo.

Apa m'pamene vuto linayambira, chifukwa tsopano loyamba linafanana ndi lachiwiri. Amene analerapo ana akudziwa kuti ukawonjezera m'mbale ya mmodzi, winayo sungamusiye. Ndinathira m'lachiwiri. Lachitatu nalo linayamba kuoneka ngati lamanidwa, ndinathiramonso. Kenako ndinaona kuti yisiti amene mwanayo anaika ndi wochepa zedi, sangadzutse ngakhale mandasi khumi, ndiye ndinatsina wanga wa bizinesi n'kugawa mofanana, popanda tsankho.

Nditathira madzi ofunda ndinaganiza za njira. Mabaluni aja akanakhoza kubooka pa kabaza. Ndinawaika m'chikwama, mabotolowo n'kuwatseka ndi zivindikiro zake, zolimba bwino kuti kanthu kasatayike. Ndipo poti mtanda wa mandasi umafufuma bwino ukafunditsidwa, ndinawakulunga m'chitenje n'kuwaika padzuwa pakhonde. (Dzuwa la Mwanza mwezi wa Okutobala, inu amene mumalidziwa mwayamba kale kugwira pakamwa.) Ine ndinakasamba mosafulumira, n'kuvala bulauzi yanga yoyera ya ku tchalitchi.

Wa kabaza wa njinga yamoto anapeza msewu utadzaza mathiraki, choncho anadzera njira ya m'mbali, ya mabampu okhaokha. Mabotolo ankakhutchumuka pamiyendo panga. Nditawagwira ndinamva atalimba gwa ngati mwala.

"Masteni, katundu wanuyo akulira," anatero wa kabaza uja.

"Ndi sayansi, ingoyendetsani."

M'holo ya sukulu ya pa boma ija munali anthu odzaza. Ana ena anabweretsa mawaya ndi mababu, wina sefa ya madzi ya mchenga ndi makala. Tadala anaima pa tebulo lake yunifolomu itasitidwa, kumbuyo kwake kuli pepala lalikulu limene anajambula yekha sabata yonse. Oweruza, abambo awiri ndi mayi wina wa magalasi, anali atafika kale pa tebulo loyandikana nalo.

"Amayi, mabaluni ali kuti? Mwatsekeranji?"

"Usadandaule, ndiveka pompano."

Ndinagwira botolo loyamba n'kupotokola chivindikiro kamodzi, mwamphamvu, momwe ndimatsegulira chigubu cha mafuta. Chivindikiro chinauluka kukamenya malata. Thovu linatumphuka, linandisambitsa kumaso ndi bulauzi yonse, linanyowetsa pepala la Tadala mpaka inki kuyenderera, lotsala n'kugwera pa nsapato za mayi wa magalasi uja. Kenako fungo. Holo yonse inanunkha masese. Kumbuyo bambo wina anafuula kuti, "Kodi kapu ndi zingati kumeneko?" Ine, mayi woimba kwaya, ndinaima pamenepo ndikudontha, ndikununkha ngati ndagona ku shabini.

A Malunga anathamanga n'kutenga mabotolo awiri otsalawo kukawatsegulira panja pang'onopang'ono. Mayi wa magalasi anapukuta nsapato zake modekha, anatola botolo lija n'kuwerenga kapepala.

"Mwanawe, apa palembedwa kuti lopanda shuga. Ndiye lopanda shuga n'limene lachita ukali chonchi? Tatifotokozera."

Tadala anandiyang'ana. Ndinkayembekeza kuti anama, kapena anena kuti sakudziwa, ndipo ndikanamuthokoza. Koma iye anayankha mosabisa.

"Linalidi lopanda shuga, madamu. Amayi alimvera chisoni."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Ngakhale mayi wa magalasi uja anabisa nkhope kuseri kwa fayilo yake. Tadala yekha sanaseke. Misozi inali italengeza m'maso, koma anaima njo mpaka oweruza anadutsa. Ku Blantyre kunapita mnyamata wa sefa ya madzi.

Pobwerera tinayenda wapansi, pakuti palibe wa kabaza amene akanandinyamula ndi fungo limenelo. Mwanayo anali patsogolo, pepala lake lonyowa atalipinda kukhwapa. Tinadutsa mzere wonse wa mathiraki ine ndili m'mbuyo. Manyazi a m'holo aja anali atayamba kale kuzirala, chimene chinkandipweteka chinali msana wa mwana wanga.

"Tadala, pepa mwana wanga. Ndimafuna anthu asatiseke."

Anaima osatembenuka. "Amayi, mabaluni onse akatupa, munthu adziwa bwanji kuti watupitsa ndi shuga? Mwina ndi madzi, mwina ndi dzuwa. Logona lija ndi limene limachitira umboni enawo. Ndinakuuzanitu."

Anandiuzadi. Ndinaganizira mawu amenewo masiku ambiri ndikukanda fulawa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikubisa pamene paperewera, kuthira kanthu pamwamba kuti odutsa asaone. Mwana wanga sanachite nalo manyazi botolo lopanda kanthu, analiika patsogolo n'kulilemba dzina. Manyaziwo anali anga, ndinachoka nawo kwa Kanduku, ndipo ndi amene anamulanda ulendo wake. Chifundo chinapha nkhwali, koma apa nkhwali inatsala yamoyo, amene anavulala ndi mwana wake.

Patapita masabata angapo Tadala anayambanso kuseka nane, ndipo Loweruka lina anatulutsa mabotolo atatu pakhonde. Akuti a Malunga amulonjeza kuti chaka chamawa ayesenso. Anandikhazika pa mpando n'kundilamula kuti ndikhalire manja anga, ndipo ndinawakhaliradi. Baluni yachitatu inatupa, yachiwiri inadzuka pang'ono, yoyamba inangoti lende.

Mayi wina woyandikana nafe anasuzumira pa mpanda. "Kodi anzathu, ilo lagona bwanji? Shuga watha? Ndikupatseniko?"

"Ayi, zikomo," ndinayankha mokweza, monyada ndithu. "Limenelo ndiye lofunika kuposa onse."

Tadala anamwetulira. Kenako anayang'ana maso anga, amene anali adakali pa baluni yogona ija, anayang'ananso dzanja langa lamanja limene linali litasololoka kale pansi pa ntchafu. Ananyamula chitini cha shuga n'kukachitsekera kuchipinda kwake.