Unyolo Woti Aliyense Ayese

Pulaniyo inabadwira m'bala, pa botolo lachinayi, nthawi imene chitsiru chilichonse chimasanduka injiniya.

"Aise, kumyuziyamu achotsa magalasi," anatero Mapulani, bwana wa kagulu ka mbava. "Akuti alendo azikhudza zinthu. Nanga ife si alendo?"

Wachiwiri wake, Chikhatho, amene mutu ankangonyamulira chipewa, anavomera ndi mtima wonse.

Za magalasizo zinalidi zoona. Mayi woyang'anira nyumba yosungira zakaleyo anatopa kuona ana akusuzumira zinthu zakale ngati nyama ya m'butchala, ndiye anachotsa magalasi m'chipinda chimodzi. Akuluakulu anamuchenjeza kuti chikangosowa chinthu chimodzi, magalasi abwerera ndipo iye ntchito yatha.

Mapulani ankafuna unyolo wa m'manja wa akaidi akale, wonyezimira, womwe analumbira pali mayi ake kuti ndi golide.

"Ndiuvala, ndikokera manja a jekete, n'kutuluka ngati bwana. Zophweka!"

Lachiwiri masana analowa atagula matikiti, mbava zaulemu zedi. Pakhoma panalembedwa kuti, "Yesani kuvala. Mlonda akumasulani." Mapulani, amene sukulu sanagwirizane nayo, anawerenga mawu awiri oyambawo basi. Anapisa manja, unyolo n'kutseka kuti khaa! Anaponya phazi kawiri, n'kugwa chagada. Kani tcheni chake anachikwirira m'simenti, koma akatswiri athuwa analibe nthawi yoyang'ana pansi.

"Cheka, iwe! Ukudikira belu?"

Chikhatho anasolola kasowo m'sokosi n'kuyamba kucheka. Pomwepo mayi uja anatulukira ndi kalasi yonse ya ana asukulu. Mantha anamugwira, poona ntchito yake ikuchekedwa masanasana. Koma sanakuwe.

"Ana inu, senderani pafupi, lero muli ndi mwayi. Umu ndi mmene mbava imaonekera ikagwidwa."

"Tingaikhudze, madamu?" anafunsa mtsikana wina.

"Chipinda chino n'chokhudza, mwanawe."

Anamukhudzadi, wina ndevu, wina khutu. Chikhatho anataya sowo, n'kuthawira m'kachipinda kosungiramo matsache poyesa ndi khomo lotulukira. Mlonda anangozunguza kiyi, osatuluka ngakhale thukuta.

Wapolisi atafika anayang'ana manja a Mapulani n'kuseka.

"Mwadzimanga kale, achimwene? Zikomo pochepetsa ntchito. Komatu uwu ndi mkuwa, wawala ndi manja a alendo."

Madzulo akuluakulu anaimba foni, mawu ali gwaa.

"Tamva kunabwera mbava. Chasowa n'chiyani?"

"Palibe, bwana," anayankha mayiyo. "Zoonetsa zinachita kuwonjezekera ziwiri."