Zithunzi za Alamu Pansi pa Mpichesi

Anzanga, mtima wanga ukuchita kudumpha! Chinkhoswe cha achimwene anga chilipo, ndipo wovina kutsogolo ndi lichero la mphatso ndine, Tadala! Koma kuti mumvetse chifukwa chake ndikukondwa chonchi, ndikuuzeni kaye mmene ndinatsala pang'ono kuchiphwasula ndi manja angawa. Ndi zamanyazi zedi. Museke, koma musekere kumbali.

Mnzanga Asiyatu, amene timakhala naye desiki imodzi ku Fomu 2, kwawo kuli TV kuseri kwa shopu ya bambo ake. Loweruka tikachapa mayunifolomu timakaonera mafilimu a zilombo. Mukuzidziwa zija: chibuluzi chotalika ngati Phiri la Dedza, choti chikangoyetsemula tauni yonse ili pansi.

M'mafilimu amenewa muli lamulo lina limene ine ndinalitulukira kalekale. Chilombo chikangoonekera, amatumiza chihelikopita cha asilikali, chamimba ngati basi, mapiko akuzungulira kutsogolo ndi kumbuyo. M'katimo anyamata akhala mondondozana, mfuti pamiyendo. Kenako mmodzi amapisa m'thumba, n'kutulutsa chithunzi cha mkazi wake, n'kumuonetsa mnzake.

"Basi, uyu wapita," amatero Asiyatu akukukuta chimanga chokazinga.

Amapitadi. Chilombo chikangomenya ndi mchira kamodzi kokha, helikopita phwaa! Chimene chimandiwawa n'chakuti filimu imangopitirira ngati palibe chachitika. Ngakhale dzina lake salitchula. Anthu a m'helikopita aja amangowaikamo kuti tione mphamvu za chilombo. Anzanga akamakuwa ndi chisangalalo, ine ndimatsala ndikuganiza: nanga mayi wa pachithunzi uja, akamuuze ndani?

Ndiye mwezi watha achimwene a Dominiko, amene ndi msilikali, anabwera patchuthi. Tili pakhonde kusankha mbewu ya kachewere, anangoti, "Amayi, anandisintha ntchito. Masiku ano ndimayenda pa helikopita, zonyamula anthu ndi katundu zija."

Amayi nthungululu! Abambo anavula chipewa n'kuchivalanso. Ine mbatata inandipulumuka m'manja.

Lamlungu titatuluka Misa ku Bembeke, alamu a Sesiliya, amene achimwene akufuna kuwakwatira, anawapatsa chithunzi chojambulitsa ku situdiyo m'tauni. Chokongola, atavala chitenje chobiriwira, dzanja lili pachibwano.

"Muziika m'thumba la pamtima," anatero mwamanyazi. "Mukamauluka muzindiona."

Mayo ine! Mawu ake enieni a mufilimu!

Masana omwewo, achimwene akusamba, ndinapisa m'thumba la shati yawo. Kuching'amba sindikanatha, alamu ndimawakonda. Ndinachikulunga m'jumbo yakuda kuti chisanyowe, n'kumanga ndi ulusi wofiira umene ndinaupeza m'dengu la amayi, kenako n'kuchikwirira pansi pa mpichesi wa kuseri kwa khola. Maganizo anga anali oti akadzapuma usilikali ndidzawabwezera.

Achimwene anasaka nyumba yonse. Alamu anangoseka, n'kubweretsa china, poti ku situdiyo anatsukitsa zingapo. Chimenechonso chinatsatira chinzake kumpichesi. Atabweretsa chachitatu sanasekenso. Nachonso chitasowa, ndinawamva akulankhula panjira ya kudimba.

"A Domi, ngati kukampu kuli wina amene mukuopa kuti achiona, mungondiuza."

"Sesi, ndikulumbira, zikungosowa zokha!"

"Zili ndi miyendo? Za chinkhoswe zija ziyambe zaima."

Ndinafuna kuulula pomwepo. Komabe ndinadzilimbitsa mtima kuti bola mbeta yamoyo kusiyana ndi mkwati wa m'bokosi.

Loweruka kunabwera azakhali awo a alamu, a Nachisale, mayi woti akakuyang'ana umakumbukira machimo ako onse. Anabwera ndi alamuwo kudzamva bwinobwino za nkhaniyi. Amayi anayala mkeka, ndipo pa mitengo yonse ya pakhomo pathu anasankha mthunzi wa mpichesi! Ine ndikuthira tiyi, maso ali pansi pomwe ndinakumba paja.

Kenako nkhumba yathu, imene inathyola khola m'mawa, inabwera ikununkhiza. Inafukula, inafukulanso, mpaka kaphukusi kakuda ka ulusi wofiira kanagubuduka n'kudzaima pamapazi a a Nachisale.

Anakamasula ndi kamtengo. Nkhope zitatu za alamu, zonse dzanja lili pachibwano.

"Yesu Mariya!" anakuwa a Nachisale. "Mwana wathu mwamukwirira ali moyo! Ndiye mtundu wanu ndi umenewu? Sesiliya, dzuka tizipita!"

Alamu anayamba kulira. Amayi anagwada n'kuyamba kupemphera mokweza. Abambo anatuma mwana wa oyandikana nawo kuti akaitane akatekisiti abwere ndi madzi odalitsa. Achimwene anangoima, nkhope itagwa, akuyang'ana alamu akunyamula chikwama chawo. Nkhope imeneyo ndi imene inandigonjetsa.

"Ndine," ndinatero ndikuika ketulo pansi.

"Iwe?" amayi anasiya pemphero pakati. "Wakuphunzitsa ufiti ndani?"

"Si ufiti, amayi. Ndi helikopita."

Ndinafotokoza zonse: chibuluzi, mchira, msilikali wa chithunzi. Onse anatembenukira kwa ine. Ngakhale nkhumba inasiya kufukula.

"Ndiye chibuluzi chakocho chidzera ku Linthipe kapena ku Mozambique?" anafunsa abambo. "Tidziwiretu, tikolole kabichi."

"Ndikudziwa kuti kulibe zilombo, abambo, ndimaphunzira Biology! Koma amene amatulutsa chithunzi sabwerako. Ndipo palibe amene amamulira."

Apa misozi inayamba kutsika. Zoona zake, sichinali chibuluzi chimene ndinkaopa. Ndinkaopa kuti achimwene anga, amene ankandikweza panjinga popita kusukulu kukuzizira m'mwezi wa June, angadzakhale mmodzi wa anthu opanda dzina aja.

Woyamba kuseka anali a Nachisale. Anaseka mpaka duku linamasuka. Alamu anaseka misozi ili m'masaya, kenako anandikumbatira.

"Mlamu wanga wopusa iwe! Ndiye umateteza mwamuna wanga kwa ine?"

"Sorry alamu."

"Chinkhoswe chilipo. Ndipo lichero unyamula ndiwe, anthu onse akuone bwino."

Achimwene anandikokera pambali, nawonso maso atafiira pang'ono.

"Tada, timanyamula matumba a chimanga ndi mankhwala kupita kumene milatho yakokoloka. Nthawi zina odwala. Ndipo aliyense m'menemo ali ndi dzina, timadziwana mpaka mayina a mbuzi za kwawo."

"Komabe musamatulutse chithunzi, achimwene. Serious."

Anandiyang'ana, n'kupisa m'thumba la buluku, n'kutulutsa foni. Atangoiyatsa ndinaona kamtsikana kovala diresi yoyera ya Ukalisitiya woyamba, kopanda mano akutsogolo, kakusekerera ngati kawina mpikisano. Ine!

"Ichi ndiye ndakhala ndikuonetsa anzanga ulendo uliwonse chiyambireni kuuluka," anatero. "Woyendetsa wathu amati chilombo chitakuona chonchi chingathawe chokha."

Ndiye phunziro ndi limeneli, anzanga: usanakwirire nkhope ya mnzako kuti upulumutse munthu, uyambe waona imene ili pafoni yake.