Sofa ya a Telala Imene Inatilemeretsa Tonse

Kwa Olemekezeka a Nduna Oona za Kukhuta kwa Mabanja,
Ofesi ya Pamwamba Penipeni.

Bwana wanga,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ine ndine munthu wamba, wothira mafuta m'magalimoto. Mwina munandionapo, ngakhale galasi la galimoto yanu limakhala lotseka. Ndalemba kuti ndithokoze. Mwezi watha munalengeza pa wailesi ndalama zimene banja la anthu asanu ndi mmodzi limafunika pamwezi kuti lidye, livale, ligone mtima uli m'malo. Nditamva chiwerengerocho ndinatsala pang'ono kuthira dizilo m'galimoto ya petulo. Ndi malipiro anga enieni, bwana, osachotsera, osawonjezera! Zaka khumi ndi zisanu ndakhala wolemera osadziwa. Mayi a kunyumba nditawauza anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anafunsa ngati wolemerayo ali ndi ya sopo.

Kulemera kumeneku kwatsala pang'ono kumulanda mwana wanga woyamba malo ake ku sukulu ya unamwino. Ndifikako. Choyamba ndiloleni ndithokoze mwadongosolo, poti munati chiwerengero chanu chinachokera m'kafukufuku, ndipo kafukufukuyo anachitikira mumzere wa nyumba zathu.

1. Zikomo potidziwitsa kutatsala masiku atatu kuti kubwera mlendo wa boma, wa mafomu ndi kamera. Koma bwana, mkazi wanga mungamuuze kuti kubwera munthu wodzajambula pabalaza, ndiye muziyembekeza kuti amukhazika pa chigubu chimene timakhalapo ife? Anakanitsitsa kwamtuwagalu, amvekere kuvutika tinazolowera koma kutuluka m'buku la boma titakhala pa chigubu ndiye ayi. Amayi a mumzere wathu, nyumba khumi ndi ziwiri, anakumana pa mpopi n'kumanga chimodzi. Ife abambo tinangouzidwa zochita.

2. Mumzere wonse sofa ilipo imodzi, ya a Telala, yofiira, yopsa ndi nsimbi pa mkono wakumanzere. Firiji tinabwereka kwa a Magetsi, amene amakonza zinthu zakufa, ndipo inali yopanda injini. Wailesi yakanema nayo inali yoti imangotionera ife. Mlendo wanu anali mayi waulemu, tinangomutcha a Chongani poti chilichonse ankangochonga. Iwo akamatulukira khomo lakutsogolo, ife tinkatulutsira katunduyo khomo lakumbuyo, liwiro kuseri kwa mabafa, kulumpha ngalande, n'kukalowetsa m'nyumba yotsatira. Mayi wa pakhomopo ntchito yake inali yochedwetsa mlendoyo pakhonde, kumufunsa za ana, za mayendedwe, za nsapato zake zokongolazo, mpaka atamva wina watsokomola m'kati. Tsiku limenelo sofa ndinaisenza kakhumi n'kamodzi. Msana wanga ukupereka moni.

3. Zikomo chifukwa cha mafunso aulemu a pa fomu yanu. Imafunsa ngati m'nyumba muli firiji, osati ngati ndi yanu. A Chongani sanaitsegule n'komwe. Akanatsegula akanapezamo nsapato za a Magetsi. Mkaka, shuga ndi buledi tinachita kusonkherana, ndiye mayiyo anamwa tiyi wamkaka nyumba iliyonse, n'kulemba kuti kuno mkaka ndi wa tsiku ndi tsiku. Anachoka atakhuta zedi, ndipo ndikukhulupirira kuti kukhuta kwawoko ndi kumene kunalowa mu lipoti.

4. Lipotilo ndinaliona, n'lokongola, mapepala ake oterera. Muli zithunzi khumi ndi ziwiri, mabanja khumi ndi awiri, sofa imodzi. Chipsera cha nsimbi chili pomwepo chithunzi chilichonse. Akatswiri anu, anthu a madigiri awiriawiri, palibe ndi mmodzi yemwe amene anadabwa kuti bwanji anthu awa onse amawotcha sofa malo amodzimodzi. Pa chithunzi chachisanu ndi chiwiri, mukayang'anitsitsa pawindo, muona mutu wa munthu, thukuta lili kamukamu, akudikira kuti ajambule msanga anyamule. Ndine ameneyo, bwana. Aka kanali koyamba kutuluka m'buku.

5. Za mtendere munanenazo, sindikutsutsa, ulipodi. Malipiro akangolowa, a landilodi amakhala ali kale pakhomo ngati anunkhiza. Zotsalazo zimatiperekeza mpaka pa 12 mweziwo, n'kubwerera. Kuyambira pamenepo m'nyumba mumakhala zii, palibe wokangana kuti wina watenga nthuli yaikulu. Sopo mmodzi timamudula panayi. Babu ndi imodzi, timaisuntha chipinda ndi chipinda, n'chifukwa chake zosuntha katundu sizinativute. Apongozi anga mankhwala a mtima amamwa lero, mawa n'kupumira, akuti matendawo nawonso aphunzire kupirira. Ndimaseka nawo, koma ndikatuluka panja kusekako kumatha.

6. Tsopano za mwana uja. Anakhoza bwino kwambiri, anamusankha. Tinapempha thandizo la fizi limene limaperekedwa kwa ana a mabanja ovutika. Yankho linabwera, la sitampa yofiira, lakuti malinga ndi lipoti la ofesi yanu, banja lathu lili m'gulu la okhala bwino, la sofa, firiji ndi kanema, choncho tilipire tokha. Tikapanda kulipira pofika pa 30 mwezi uno, malowo apatsa wina. Ndinabwera ku ofesi kwanu kudzafotokoza za khomo lakumbuyo lija. Kalaliki anandiuza mokoma mtima kuti ziwerengero za boma sizinama, ndipo ngati ndikunena kuti tinanamiza wogwira ntchito m'boma, ndidziwe kuti umenewo ndi mlandu. Ndinapepesa, ndinathokoza, ndinatuluka.

Apa ndiye sindikuseka, bwana. Mwanayo chikwama analongedza kale, chili kuseri kwa chitseko, ndipo wakana kuchimasula. M'mawa ndikamapita ku ntchito amandipatsa moni ngati palibe chachitika, ine n'kumayang'ana pansi. Mayi ake sakudya, akuti ndi iwo amuphera mwana wawo tsogolo ndi manyazi awo a chigubu aja. Ine ndimawauza kuti ayi, iwo anangokhazika mlendo pabwino. Amene anaona sofa imodzi kakhumi n'kawiri n'kuiwerenga kuti ndi masofa khumi ndi awiri ndi anthu ena, olandira malipiro oposa anga kutalitali. Zikundiwawa, ndipo mkwiyo ndili nawo, kungoti munthu wamba sakwiyira a Nduna.

Sindikupempha kuti mukweze malipiro, ndine yani ine. Sindikupemphanso kuti mukonze lipoti, poti ndaphunzira kuti silinama. Ngati silinama, ndiye kuti sofa, firiji ndi kanema zija ndi zanga ndithu, boma likuchitira umboni, kungoti sizinandifike. Pempho langa ndi laling'ono: nditumizireni katundu wangayo pasanafike pa 30, ndigulitse, mwana akayambe sukulu. Firijiyo ikhale ya injini. Anzanga khumi ndi mmodzi aja nawo akuti akudikira wawo.

Ngati katunduyo sakupezeka msanga, ndinaona sofa yachikopa m'chipinda chodikirira alendo ku ofesi kwanu. Ndinakhalapo maola anayi tsiku lija la kalaliki, inu muli ku msonkhano, ndipo ndikutha kuona kuti yokhayo ingakwanire fizi ya chaka chonse. Za galimoto musavutike nazo. Mungotisiyira khomo lakumbuyo lotsegula, kusenza timatha.

Ndatha ine wanu wokhuta mwalamulo,

Wothira mafuta wa pa pampu yachitatu,
mwini sofa, tsamba 41 la lipoti lanu.